Perefyumu wa fungo la matauni akale a akasupe ku Ulaya: mafunso ndi mayankho

Kodi akamati perefyumu ali ndi fungo la tauni yakale ya akasupe, kumene anthu ankapita kukasamba ndi kumwa madzi a pakasupe, amatanthauza chiyani?

Amatanthauza fungo la munthu amene wangotuluka kumene m'nyumba yosambiramo, wapukutidwa ndi thaulo lofunda, wavala malaya ositidwa bwino, wadzithira kolonyi (perefyumu wopepuka wa fungo la mandimu) pang'ono m'khosi, kenako n'kumayenda pang'onopang'ono pansi pa mitengo. Ndi fungo la ukhondo, koma ukhondo wachikale: sopo wolimba, makoko a malalanje ndi mandimu, lavender, paudala, ndi thabwa louma la kabati yosungiramo zovala. Silitsekemera ngati maswiti, silidzaza chipinda, ndipo amene ali nanu pafupi ndi amene amalimva.

Mfundo imeneyi muigwire kuyambira pachiyambi, chifukwa ambiri amaganiza kuti opanga amayesa kutsekera fungo la madzi a pakasupe m'botolo. Chimene amatsata ndi munthu wosambayo ndi malo amene akuyendamo. Madziwo amangowakhudza pang'ono chabe, ndipo chifukwa chake tachifotokoza m'munsimu.

Matauni amenewa ndi ati, ndipo anthu ankapitako kukatani?

Mu 2021 bungwe la UNESCO linaika matauni 11 a m'mayiko 7 pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, pansi pa dzina limodzi la Great Spa Towns of Europe. Ndiwo Bath ku Britain, Vichy ku France, Spa ku Belgium, Montecatini Terme ku Italy, Baden bei Wien ku Austria, Baden-Baden, Bad Ems ndi Bad Kissingen ku Germany, komanso Karlovy Vary, Mariánské Lázně ndi Františkovy Lázně ku Czech Republic. Anatchuka kwambiri kuyambira m'ma 1700 mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Munthu ankapitako pa malangizo a dokotala, n'kukhalako milungu ingapo. Tsiku linkayamba mbandakucha ndi kumwa madzi a pakasupe, kapu ndi kapu, uku akuyenda m'khonde lalitali la zipilala. Ku Karlovy Vary mpaka lero amamwera m'tikapu tadothi loyera tokhala ndi chogwirira chobooka, chimene amayamwirapo madziwo. Kenako kunali kusamba, kupumula, kuyendayenda m'paki, nyimbo za oimba madzulo, ndipo kwa ena juga usiku. Ku Baden-Baden nyumba yosambiramo ya Friedrichsbad, imene inatsegulidwa mu 1877, inatchuka ndi kasambidwe ka magawo 17: mpweya wofunda, mpweya wotentha, kutsukidwa ndi sopo ndi burashi, nthunzi, maiwe otentha mosiyanasiyana, madzi ozizira, kudzola, kenako kugona mokulungidwa m'nsalu. M'tauni yomweyo muli msewu wa mitengo wa Lichtentaler Allee umene umatsata mtsinje wa Oos mtunda wopitirira makilomita 2. Mukaika zonsezi pamodzi, mwapeza kale magawo a perefyumu wathu: sopo, nthunzi, nsalu, masamba.

Mafumu ndi amene ankakoka anthu. Peter the Great wa ku Russia anakamwa madzi ku Spa mu 1717, Napoleon III anayamba kupita ku Vichy mu 1861, ndipo Edward VII wa ku Britain ankabwerezabwereza ulendo wa ku Mariánské Lázně. Kumene kwapita mfumu, ometa tsitsi, osoka zovala ndi ogulitsa zonunkhira ankatsatira.

Nanga madzi enieniwo amanunkhira bwanji?

Ambiri sanunkhira. Madzi otentha ochokera pansi panthaka nthawi zambiri amakhala ndi mpweya wa hydrogen sulphide, umene fungo lake ndi la dzira lovunda. Amene anafikapo pa akasupe otentha a Mawira ku Nkhotakota, kapena a Chinyunyu kummawa kwa Lusaka, akudziwa kuti nthunzi ya madzi otere ili ndi kafungo kakekake kosiyana ndi ka madzi a pampopi. Ena ali ndi chitsulo chambiri, monga a ku Spa, ndipo amamveka dzimbiri pakamwa. Ku Bath madzi amatuluka ali pa madigiri 46, malita opitirira 1 miliyoni tsiku lililonse, ndipo amasiya mtundu wofiirira pamiyala. Kasupe wamkulu wa ku Karlovy Vary, wotchedwa Vřídlo, amatumphukira m'mwamba ali wotentha kupitirira madigiri 70. Ku Františkovy Lázně anthu ankasamba m'matope akuda a m'dambo.

Wopanga perefyumu waluso amatengako kadontho chabe ka zimenezi kuti fungo lisakhale la sopo yekha. Kuti pamveke mwala wonyowa amagwiritsa ntchito geosmin, chinthu chomwe chimapereka fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa. Mphuno ya munthu imachimva ngakhale chitachepa kwambiri, motero amachisungunula mpaka 0.1 peresenti kapena kuchepera apo asanachithire. Kuti pamveke kamchere amaika ambroxan (chonunkhira chopangidwa mu labotale) pang'ono kapena mafuta a mizu ya udzu wa vetiver. Kafungo ka sulfure kamabwera mobisika kudzera m'mafuta a grapefruit kapena mphukira za blackcurrant, zomwe mwachibadwa zili ndi tizigawo ta sulfure. Akapitiriza muyeso, botolo lonse limamveka thukuta kapena mkodzo wa mphaka, ndipo palibe chobwezeretsa.

Ndi zinthu ziti zimene zimanyamula fungo limeneli?

Pali misanjiko itatu, ndipo uliwonse uli ndi mbiri yake.

Pamwamba pali kolonyi. Johann Maria Farina anayamba kupanga madzi ake onunkhira mumzinda wa Cologne ku Germany mu 1709, ndipo dongosolo lake silinasinthe kwenikweni: bergamot, mandimu, neroli, petitgrain, lavender ndi rosemary m'mowa wamphamvu. Bergamot ndi chipatso cha mtundu wa malalanje chimene chimalimidwa kwambiri ku Calabria, kummwera kwa Italy. Mafuta ake amafinyidwa m'makoko, ndipo ndi fungo lomwe mumalimva mu tiyi wa Earl Grey. Neroli ndi petitgrain zimachokera ku mtengo umodzi wa lalanje lowawa, neroli ku maluwa, petitgrain ku masamba ndi timphukira. Pafupifupi tani imodzi ya maluwa ndiyo imatulutsa kilogalamu imodzi ya neroli, n'chifukwa chake m'mabotolo otsika mtengo petitgrain ndi amene amagwira ntchito yambiri. Gawo limeneli ndilo limapatsa munthu kumva ngati wathiridwa madzi ozizira kumaso.

Pakati pali chimene akatswiri amachitcha fougère: lavender, geranium, coumarin ndi oakmoss. Coumarin amanunkhira ngati udzu wodula umene wayamba kuuma, ndi kakutsekemera ka amondi. Amapezeka mu nthanga za mtengo wa tonka, koma William Henry Perkin anamupanga mu labotale mu 1868, ndipo mu 1882 Paul Parquet anamuika mu Fougère Royale wa kampani ya Houbigant. Kuchokera pamenepo, sopo wometera ndi mafuta a ometa tsitsi anatengera fungo limeneli, mpaka lero anthu akalimva amakumbukira lumo, thovu ndi thaulo lotentha. Oakmoss ndi ndere zomera pamakungwa a mitengo, ndipo amapereka mthunzi ndi chinyezi cha m'nkhalango.

Pansi pali paudala ndi thabwa. Apa ndi pamene pamagona ulemu wachikale uja. Mtima wake ndi orris, wochokera ku mizu ya duwa la iris, lomwe limalimidwa m'mapiri a Tuscany ku Italy. Muzu wongokumba kumene ulibe fungo. Amausenda n'kuuumika zaka zitatu kapena kuposerapo kuti tizigawo totchedwa irone tipangike. N'chifukwa chake orris weniweni ali m'gulu la zinthu zodula kwambiri pantchitoyi. Mu 1893 Ferdinand Tiemann ndi Paul Krüger anapanga ionone, amene amanunkhira ngati duwa la violet ndipo amayandikira orris, ndipo zaka zotsatira zinadzaza ndi maperefyumu, sopo ndi paudala wa violet. Zaka zimenezo ndi zomwenso matauni a akasupe anali pachimake. Pambali pa izi amaikapo mkungudza, sandalwood ndi musk woyera (wopangidwa mu labotale) kuti fungo likhazikike.

Pali zina ziwiri zimene sizipezeka m'botolo lililonse koma zikapezeka zimasintha zonse. Choyamba ndi ma aldehyde, amene pamuyeso wochepa amamveka ngati nsalu yoyera imene yangochoka pansi pa simbi yotentha, kapena kandulo wongozimitsa. Chachiwiri ndi maluwa a mtengo wa linden, umene umabzalidwa m'misewu ya matauni ambiri a pakati pa Ulaya ndipo umachita maluwa mu Juni ndi Julayi, fungo lake la uchi wopepuka ndi masamba obiriwira. Ena amawonjezera timbewu tonunkhira kapena anise pokumbukira maswiti oyera a makona 8 a ku Vichy, amene amapangidwa ndi mchere wa m'madzi a kumeneko.

Ndikufuna kudziwa fungoli ndi mphuno yanga. Ndiyambire pati?

Yambani ndi akale enieni amene akadagulitsidwabe, kuti mukamanunkhiza atsopano mudziwe chimene akutsanzira. Eau de Cologne Impériale wa kampani ya Guerlain anapangidwa mu 1853 chifukwa cha Mfumukazi Eugénie, mkazi wa Napoleon III, ndipo ndi chitsanzo choyera cha msanjiko wapamwamba uja. 4711 wa ku Cologne ndi wotsika mtengo ndipo amapezeka mosavuta. Hammam Bouquet wa Penhaligon's, wa 1872, ndi amene ali pafupi kwambiri ndi nkhani ya kusamba: William Penhaligon anali wometa tsitsi ku London, ndipo fungoli analitengera ku nyumba yosambiramo nthunzi ya pa Jermyn Street. Muli rozi, lavender, orris ndi musk, ndipo ndi wolemera kuposa mmene ambiri amayembekezera. Jicky wa Guerlain, wa 1889, amakuonetsani lavender akakumana ndi vanillin (wa fungo la vanila) ndi coumarin. Acqua di Parma Colonia, wa 1916, ali pakati pa kolonyi ndi sopo wa ometa.

Mwa onsewa, ife timalangiza kuyamba ndi kolonyi wamba ndi fougère mmodzi, tsiku limodzi, wina padzanja ili wina padzanja ilo. Kusiyana kwake kumaphunzitsa zambiri kuposa kuwerenga mndandanda wa zomwe zili m'katimo.

N'chifukwa chiyani botolo logula lero silifanana ndi lakale la dzina lomwelo?

Chifukwa zina mwa zinthu zakale zinaletsedwa kapena kuchepetsedwa. Bungwe la IFRA, limene linakhazikitsidwa mu 1973, limaika malire a muyeso wa zinthu zomwe zimayabwitsa khungu, ndipo mayiko a European Union ali ndi malamulo awo. Tizigawo tiwiri ta mu oakmoss, atranol ndi chloroatranol, tinaletsedwa ku EU pamodzi ndi chinthu china chotchedwa Lyral, ndipo pofika Ogasiti 2021 katundu wokhala nazo anachotsedwa m'masitolo. Lilial, amene ankathandiza kupanga fungo la maluwa oyera ndi sopo, analetsedwa mu Malichi 2022. Musk ndi civet, zonunkhira zochokera m'matupi a nyama, zinasiyidwa ndi opanga ambiri kalekale, ndipo sandalwood wa ku Mysore ku India anasowa chifukwa cha kudula mitengo mopitirira.

Zotsatira zake, fougère wa lero ndi wowala komanso wopyapyala kuposa wa zaka 50 zapitazo. Pamwamba amafanana, pansi ndi pamene pachepa mthunzi. Kumbukiraninso kuti botolo lakale limene mukuyerekezera nalo linasintha lokha: mandimu ake anatha mphamvu, ndipo zapansi zinakhathamira.

Ndikadzithira, pakangopita ola limodzi fungo latha. Kodi andigulitsa wachinyengo?

Nthawi zambiri ayi. Mafuta a makoko a zipatso ndi opepuka ndipo amauluka pakhungu pasanathe ola limodzi kapena awiri, ngakhale atakhala abwino chotani. Komanso muone zomwe zalembedwa pabotolo. Eau de cologne amakhala ndi mafuta onunkhira pakati pa 2 ndi 5 peresenti, eau de toilette pakati pa 5 ndi 15, eau de parfum pakati pa 15 ndi 20, ndipo parfum amafika 20 mpaka 30. Kolonyi anapangidwa kuti azithiridwa mowolowa manja ndi kubwerezedwa masana. Anthu a nthawi imeneyo ankamuthira pampango wa m'thumba, m'madzi osambira m'manja, ngakhale pachipumi mutu ukamawawa.

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu. Ionone amatopetsa mphuno mwachangu, moti mwini wake amasiya kumumva pamene anzake akumumvabe, kenako amabwereranso patapita kanthawi. Ma musk ena nawonso pali anthu amene sawamva n'komwe. Musanawonjezere, funsani wina amene muli naye pafupi.

Kuti fungo likhalitse, dzolani mafuta osanunkhira pamalopo musanapopere, chifukwa khungu louma limataya fungo msanga. Poperaninso kamodzi mkati mwa jekete kapena pampango. Thonje ndi ubweya zimasunga fungo maola ambiri kuposa khungu. Pa silika ndi nsalu zoyera kwambiri samalani, mafuta ena amasiya banga.

Ndi wa amuna kapena wa akazi?

Wa onse. Kolonyi wakale sankasiyanitsa, ndipo Jicky wavalidwa ndi amuna ndi akazi omwe. Ngati mukufuna womveka ngati wa ometa, sankhani wochuluka lavender ndi coumarin. Ngati mukufuna wofewa, sankhani wochuluka orris, violet ndi linden.

Ndimuyese bwanji m'sitolo kuti ndisanong'oneze bondo?

Poperani pakapepala koyesera, dikirani masekondi 20 kuti mowa uuluke, kenako nunkhizani kapepalako kali patali pang'ono ndi mphuno. Musapitirire mitundu itatu kapena inayi paulendo umodzi. Amene wakusangalatsani mumupopere kamodzi pamkono, mutuluke m'sitolomo, chifukwa mpweya wa m'katimo wadzaza kale mafungo ena. Nunkhizani patapita mphindi 15, patapita ola limodzi, ndiponso patapita maola 4.

Pa mphindi 15 zoyamba pafupifupi onse a mtundu uwu amakoma, chifukwa bergamot sakhumudwitsa. Chiweruzo chili pa ola loyamba. Wopangidwa bwino amatsetsereka kuchoka ku mandimu kupita ku lavender ndi paudala popanda mpata. Wopangidwa mothamanga, mandimu akangotha amasiya musk wa sopo wochapira zovala kapena fungo lakuthwa la thabwa lopanga, lomwe limabaya kumbuyo kwa mphuno ndipo silichoka ngakhale mutasamba. Limenelo ndi limene mudzakhale nalo tsiku lonse, ndiye musagule musanalimve. Mphuno ikatopa, nunkhizani mkono wanu pomwe simunapoperepo kapena tulukani panja; nyemba za khofi zimene amaika pakauntala zimangowonjezera fungo lina.

Kodi n'zoona kuti akhoza kudetsa khungu padzuwa?

N'zoona, ndipo kwa ife okhala kumene dzuwa limawomba kwambiri nkhaniyi ndi yofunika. Mafuta a bergamot ofinyidwa m'makoko ali ndi chinthu chotchedwa bergapten. Chikakhala pakhungu n'kuwombedwa ndi dzuwa, khungu limapsa ngati lathiridwa madzi otentha, kenako pamatsala banga lakuda lotsata mmene dontho linayenderera, kawirikawiri m'mbali mwa khosi. Pakhungu lakuda banga lotere limatha miyezi lisanazilale. Malire a IFRA a bergamot wamba m'zinthu zokhalitsa pakhungu ndi 0.4 peresenti. Makampani odziwika amagwiritsa ntchito bergamot wochotsedwa bergapten, wolembedwa FCF, motero ngozi yaikulu ili pa mafuta osakaniza pamanja, osadziwika kochokera, ndi mabotolo akalekale.

Ngati mukukayika, poperani pomwe chovala chiphimbe: pachifuwa, mkati mwa chigongono, kapena pachovala chenichenicho. Amene khungu lawo silichedwa kuyabwa ayese kadontho mkati mwa mkono n'kudikira maola 48. Pakatuluka totupa, asiye.

Ndisunge bwanji botolo?

Adani ake ndi atatu: kuwala, kutentha ndi mpweya. Perefyumu wa mtundu uwu amawonongeka msanga kuposa wa vanila kapena wa utomoni, chifukwa limonene wa m'mandimu ndi linalool wa mu lavender amasintha akakumana ndi mpweya. Akasintha, fungo limayamba kumveka ngati penti kapena mafuta ophikira okhalitsa, ndipo zomwe zapangikazo zimayabwitsa khungu kuposa mafuta atsopano.

Sungani botolo m'katoni yake, m'kabati ya kuchipinda, kutali ndi zenera, pamalo pomwe kutentha sikusinthasintha, makamaka pakati pa madigiri 15 ndi 20. Kubafa ayi, ndipo m'galimoto ayi ndithu. Kumene kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, monga kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, kolonyi mukhoza kumusunga m'firiji, m'chitini chotseka bwino kuti batala ndi mkaka zisatenge fungo. Botolo likafika theka, mpweya wa m'katimo wachuluka. Ligwiritseni ntchito mwachangu kapena tsanulirani m'kabotolo kakang'ono. Botolo lotsegula la mafuta ambiri a zipatso ndi bwino kulimaliza m'zaka ziwiri kapena zitatu. Mukamabwera nalo pandege, m'chikwama cha m'manja lamulo lofala ndi la mabotolo osapitirira mamililita 100.

Kodi ndingathe kupanga wanga kunyumba?

Mungathe, bola mupeze zipangizo zoyenera. Mufunika sikelo yoyeza mpaka magalamu 0.01, tibotolo tagalasi takuda, timapaipi totapira madontho, kapepala kosefera khofi, ndi ethanol (mowa wamphamvu) wa 95 kapena 96 peresenti wopangira zodzola. Yezani polemera, osati powerenga madontho, chifukwa dontho la mkungudza ndi dontho la mandimu sizilemera mofanana.

Yambani ndi kusakaniza magalamu 10 a mafuta okhaokha. Thirani zapansi poyamba: mkungudza 0.6, musk woyera monga ethylene brassylate 0.5, methyl ionone 0.5, ndi coumarin wosungunulidwa kale pa 10 peresenti 0.5. Coumarin amabwera ngati timiyala toyera, ndiye galamu imodzi muisungunule m'magalamu 9 a ethanol musanayambe. Kenako zapakati: Hedione 1.2, lavender 1.2, rosemary 0.3, neroli 0.2. Hedione ndi chinthu chopepuka cha fungo la jasmine chimene chimatambasula zinazo ndi kuthandiza mandimu kukhalitsa. Pomaliza zapamwamba: bergamot FCF 2.8, mandimu 1.0, petitgrain 1.0, ndi aldehyde C-11 wosungunulidwa pa 1 peresenti 0.2. Zonse pamodzi zikwana magalamu 10. Tsekani, gwedezani pang'ono, lembani tsiku pabotolo, n'kulisiya mumdima sabata imodzi.

Sabata ikatha, tengani magalamu 3 a msakanizowo muthire m'magalamu 47 a ethanol, m'botolo la mamililita 100. Mwapeza perefyumu wa pafupifupi 6 peresenti. Musiyeni milungu itatu kapena inayi. M'masiku oyamba amamveka mowa wokhawokha ndipo zinthu zimamveka padera padera, koma pakutha pa mwezi zimakhala zagwirizana. Kenako muikeni m'firiji usiku umodzi kuti phula la m'makoko a zipatso liundane, n'kumusefa akadali wozizira.

Magalamu 7 otsalawo ndi oyeserera. Kuti mumve paki ya mitengo ya paini ngati ya ku Mariánské Lázně, onjezerani mafuta a masamba a fir (mtengo wofanana ndi paini) pang'ono. Kuti mumve nsalu ndi paudala kwambiri, kwezani methyl ionone. Kuti pabwere mwala wonyowa, ikani dontho limodzi la geosmin wosungunulidwa kwambiri. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo lembani muyeso uliwonse m'kope. Gwirani ntchitoyi kutali ndi moto, mbaula ndi fodya, chifukwa ethanol amayaka msanga.

Wanga wachita mbuu ngati madzi a mpunga. Chalakwika n'chiyani?

Madzi achuluka. Mafuta onunkhira amasungunuka mu ethanol wamphamvu, koma madzi akapitirira, amapatukana n'kukhala timadontho tosaoneka bwino tomwe timachititsa mbuu. N'chifukwa chake vodka ya 40 peresenti kapena kachasu sizigwira ntchitoyi. Kachasu amabweranso ndi fungo lake lomwe silibisika. Mukhoza kukonza pothira ethanol wina wa 96 peresenti pang'onopang'ono mpaka ayere. Spiriti wofiirira wa m'masitolo a zomangira musamugwiritse ntchito n'komwe: amathiramo zinthu zonunkha ndi zapoizoni, nthawi zina methanol, ndipo si wa pakhungu.

Ngati fungo lamveka ngati mankhwala opaka minofu, rosemary wachuluka, kapena munagulitsidwa lavandin m'malo mwa lavender. Lavandin ndi chomera chofanana ndi lavender koma ali ndi camphor wambiri. Ngati lamveka ngati mankhwala otsukira pansi, mandimu ndi paini zapambana ndipo zapansi zachepa, ndiye onjezerani mkungudza ndi musk. Ngati likumveka chitsulo kapena mafuta a kandulo, aldehyde wapitirira, ndipo njira yokha ndi kuchulukitsa zina zonse kuti iye achepe mphamvu. Ngati pansi pa botolo pali timiyala, coumarin sanasungunuke; ikani botolo lotseka m'madzi ofunda pang'ono n'kugwedeza.

Ndingazindikire bwanji botolo lachinyengo?

Yang'anani nambala ya gulu la katundu, imene imadindidwa pansi pa botolo ndi pansi pa katoni. Ziwirizi zifanane, ndipo isafufutike mukaipaka ndi chala. Pulasitiki yokutira katoni ikhale yomata mwaukhondo, zilembo zikhale zakuthwa zopanda zolakwika, ndipo kumbuyo kukhale mndandanda wa zomwe zili m'katimo, pomwe mupezapo mayina monga limonene, linalool, coumarin ndi alpha-isomethyl ionone. Kapaipi ka m'botolo kakhale kowongoka kosapindika kwambiri, ndipo chopopera chitulutse nkhungu yosalala, osati mtsinje wa madontho.

Pa fungo, wachinyengo amakopera bwino mphindi zoyamba chifukwa mafuta a mandimu ndi otsika mtengo. Orris, neroli ndi sandalwood ndi zimene sangakwanitse, choncho patapita ola limodzi pakhungu pamatsala fungo lathyathyathya kapena palibe kanthu. Ngati wogulitsa akukana kuti muyese pakhungu, kapena mtengo uli pansi pa theka la mtengo wa m'masitolo ovomerezeka, gulani kabotolo koyesera ka mamililita 2 kwa wogulitsa wodalirika poyamba, muzikhala nako koyerekezera.